A Malunga ndi Mitu ya Ng'ombe Yopanda Makutu

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Malunga. Lamlungu lapitali Amalawi a mu Nairobi tinasonkhana ku Kasarani, pabwalo la nyumba imene ankachita lendi, kuti tiwakumbukire. Aliyense amene anaimirira ananena zofanana: munthu wachilungamo, wosadya za eni, wosagulika. Ine sindinaimirire. Anzanga anaganiza kuti ndi chisoni, wina mpaka anandipatsa madzi, koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa pakamwa panga. Madala amenewa ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri ndipo ndinkawakonda ngati bambo anga ondibereka. Komabe pa chinthu chimene anthu ankawatamanda nacho tsiku limenelo, ine kuyambira kale ndinkanena kuti analakwa. Anakana kusaina pepala limodzi, ndipo anthu a dera lonse amene ng'ombe zawo zinafa ndi chilala sanalandire thandizo la boma.

Kwawo kunali ku Ngabu, m'chigwa cha Shire, kumene anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto mpaka imvi zitayamba kumera. Ku Nairobi anabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, atalembedwa ndi bungwe lina la mpingo limene ine ndinkagwirako ntchito yotaipa makalata. Anali munthu wamtali, wowonda, wosasiya jekete yake ya khaki ngakhale dzuwa liswe mtengo. Moni wawo sunkathera pa ana. Ankafunsanso za mbuzi ndi nkhuku, ngakhale akudziwa kuti umakhala pa nyumba yosanja ku Pangani kumene mwini wake salola ndi mphaka yemwe. Ukayankha kuti ulibe chiweto ankapukusa mutu ngati wawauza kuti ukudwala.

Chiswahili sanavutike kuchiphunzira. Ankakhulupirira kuti ndi Chichewa chathu chomwechi, kungoti eni ake amachiyankhula mothamanga. Akakwera matatu, minibasi za kuno, ankangolankhula Chichewa mokweza n'kuwonjezera "sawa" kumapeto, ndipo chodabwitsa n'chakuti ankafika kumene akupita. Loweruka ankakonda kundiperekeza ku butchala ya ku Pangani. Ankagwira nyama, kuinunkhiza, kenako n'kumuuza mwini butchala zaka za ng'ombeyo ndi matenda amene inali nawo, makasitomala ali pomwepo akumva. Bamboyo anafika pondinong'oneza kuti ndikamabwera ndekha azindiwonjezera kachiwindi.

Amene ankalimbana nawo kwambiri anali Amalawi anzathu a ku Gigiri, aja ogwira m'maofesi akuluakulu a mabungwe a dziko lonse, obwera ku mapemphero pa galimoto zozizira mkati. Mmodzi wa iwo, bambo wophunzira ndithu, tsiku lina tikumwa tiyi titaweruka ku tchalitchi anayamba kufotokoza kuti masiku ano ziweto amaziwerenga ali m'ndege.

"Timangopanga fly over district yonse, madala. Pofika lunch timakhala tili ndi figure."

"Chabwino," anatero a Malunga. "Nanga muli m'mwambamo mumadziwa bwanji kuti iyi ndi ya mayi wamasiye, iyi ndi ya bwana?"

"Zimenezo si level yathu."

"Ndiye muzitsika."

Bamboyo sanawayankhulitse mpaka Khirisimasi. A Malunga sanaone chimene analakwa. Ankati nambala ikangosiyana ndi mwini wake, aliyense amaitola n'kuika m'thumba. Ankatinso ng'ombe yakufa imanenabe za mwini wake ngati munthu walolera kugwada n'kupirira fungo. Zoterezi ankazinena pa chakudya, anthu atangoyamba kudya.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunagwa chilala choopsa m'madera oweta ng'ombe. Boma linalengeza kuti lipereka ndalama kwa mafamu akuluakulu ndi kwa anthu wamba amene ziweto zawo zafa. Gawo lina la ndalamazo linachokera kwa othandiza akunja, ndipo iwo anaika lamulo lakuti mndandanda wa dera lililonse uzisainidwa ndi munthu wosagwira m'boma, wotsimikiza kuti waona ndi maso ake. Bungwe lathu analipatsa madera angapo, ndipo a Malunga anawatumiza ku dera lina la kumpoto, ulendo wa tsiku lathunthu pa galimoto. Mndandandawo unali umodzi pa dera lonse. Pamwamba pankakhala mafamu, m'munsi anthu wamba, ndipo malo osaina anali amodzi basi, pansi pa tsamba lomaliza.

Vuto loyamba limene anapeza linali lakuti anthu oweta a kumeneko sawerenga ng'ombe zawo. Sikuti sadziwa kuwerenga ayi. Pa chikhalidwe chawo, kutchula nambala ya ng'ombe za m'khola n'kuitana tsoka. Iwo amazidziwa ndi mayina ndi mabanja awo: iyi ndi mwana wa yakutiyakuti, iyo inabwera pa ukwati wa uje. Koma fomu ya boma inali ndi kabokosi kofuna nambala. Akalaliki a boma akafunsa kuti zafa zingati, munthu ankangoyang'ana kumbali, iwo n'kulemba kuti wakana kuyankha, dzina lake n'kugwa.

A Malunga sankasuta fodya, koma anagula mabokosi a machesi. Ankakhala pansi pakhomo pa munthu, katekisi wa kumeneko akuwamasulira, n'kunena kuti iwo sanabwere kudzawerenga, angofuna kumva mayina a ng'ombe zimene zapita. Munthu akatchula dzina limodzi, iwo ankachotsa kamtengo kamodzi ka machesi m'thumba lakumanzere la jekete n'kukaika lakumanja, dzanja likuyenda pang'onopang'ono ngati akungokanda. Akatsanzika ankapita kuseri kwa galimoto, kuwerenga timitengoto, n'kulemba nambala. Nzeru imeneyi ankanyadira nayo kwambiri, ndipo atabwerako anaifotokoza kwa aliyense mu ofesi, ndi mlonda yemwe.

Mwa anthu amene anawatchulira mayina munali mayi wina wamasiye, dzina lake Naserian. Uyu ndiye a Malunga ankamukamba kwambiri. Atayamba kutchula, anatchula ngati akuwerenga ana ake: yofiira imene anabwera nayo pokwatiwa, ana ake atatu, yakuda yosalola kukamidwa ndi munthu wina, yamphumi yoyera imene nyanga yake imodzi inkaloza pansi chifukwa inathyoka ili thole. Timitengo tinakwana khumi ndi tinayi. M'khola munatsala mbuzi zochepa zokha. Mayiyu anali ndi mwana wamkazi amene ankamaliza pulaimale ku sukulu ya mishoni, ndipo abale a malemu mwamuna wake anali atayamba kale kukambirana ndi bambo wina amene ng'ombe zake zinapulumuka. Malowolo a mtsikanayo ndiwo akanadzutsa khola. A Malunga, monga munthu wa m'chigwa kumene malowolo ndi nkhani yodziwika, sanafunike kuwafotokozera kawiri. Naserian anawauza kuti boma litangomupatsa zogulira mathole aakazi awiri, akhoza kuwakaniza alamu akewo, mwana n'kupitiriza sukulu. A Malunga anamuuza kuti dzina lake lalembedwa, asade nkhawa.

Vuto lachiwiri linali umboni. Lamulo linkati wofuna thandizo aonetse mutu kapena chikopa cha ng'ombe yakufayo. Anthu ambiri analibe. Msipu utatha, anali atadula waya wa famu ina yaikulu yoyandikana nawo n'kulowetsamo ng'ombe zawo, ndipo zambiri zinafera m'menemo. Alonda a pafamupo sankalola munthu kulowa kukatenga ngakhale mchira.

Atapita kukayendera famuyo, manijala anawalandira bwino, tiyi wa mkaka ndi mabisiketi, kenako n'kuwatengera kuseri kwa garaja. Kumeneko kunali mulu wa mitu ya ng'ombe, wofika m'chiuno, ntchentche zili ng'waa. Mkulu wa boma wa deralo amene anali nawo anaima patali atatseka mphuno ndi mpango. A Malunga anavula jekete, kugwada, n'kuyamba kutembenuza mitu umodziumodzi. Mitu yonse inalibe makutu. Anthu oweta aja amazindikira ng'ombe zawo ndi kadulidwe ka khutu, banja lililonse ndi kadulidwe kake, pamene za pafamu zimavala kachitsulo ka nambala. Fisi akadya khutu amasiya lonyenyeka. Apa panali padutsa mpeni wakuthwa.

Manijala anati anadula makutu pofuna kusunga tizitsulo ta manambala. A Malunga anapempha kuti awaonetse tizitsuloto. Manijala anati anatumiza tonse ku likulu ku Nairobi. A Malunga anapitiriza kutembenuza, ndipo cha pakati pa muluwo anatulutsa mutu wa mphumi yoyera, nyanga imodzi italoza pansi.

Pobwerera, mkulu wa boma uja anawalankhula m'galimoto modekha, monga munthu wowafunira zabwino, akuwatchula Mzee, ndiko kuti madala.

"Mzee, tisavutane. Anthu anu alibe mitu, ndiye malinga ndi lamulo sayenera kulandira. Ine nditseka maso pa iwo, inu mutseke maso pa famu. Aliyense alandira, amayi anu aja alandira."

"Chotsani nambala ya famu, mulembe zokhazo zimene ali nazo tizitsulo."

"Mwini famu ameneyo simukumudziwa, Mzee. Dzina lake likachoka pamwamba, pepala lonse silichoka pa tebulo langa."

Anabwera nawo ku Nairobi mndandandawo uli wolembedwa pamanja. Ine ndi amene ndinautaipa, makope atatu, ndi pepala la kaboni pakati. Nditamaliza ndinapita nawo pa tebulo lawo, cholembera ndili nacho m'manja. Anauwerenga wonse, chala chikuyenda pa mzere uliwonse, kenako n'kuukankhira kwa ine.

"Sindisaina, achemwali."

Nkhani yonse anali atandiuza kale m'mawa, ndiye ndinkadziwa chimene akukana. Ndinatseka chitseko.

"Bambo, deadline ndi Lachisanu."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mayi uja muwauza chiyani?"

"Ndilemba kalata. Mndandanda ugawidwe pawiri. Wa anthu ndisaina lero lomwe."

"Kalata kwa ndani? Inu mwakhala m'boma zaka zonsezi, munaonapo kalata itagawa mndandanda? Wakubayo adya ndithu, musaine musasaine. Ali ndi mafamu ena, ali ndi anzake. Amene mukumulanga apa ndi mayi uja."

"Ng'ombe imodzi siifa kawiri, achemwali. Ndainyamula ndi manja anga. Ndikasaina ndiye kuti ndanena kuti ndi ya famu komanso ndi ya Naserian."

Apa ndiye mtima unandikwera. Ndinawauza kuti asadzione oyera, chifukwa bodza analiyamba kale ndi machesi awo aja, pamene ankauza anthu kuti sakuwerenga dzanja lili m'thumba. Ndinati ngati anatha kunamiza mayi wamasiye pofuna kumuthandiza, chikuwakanika n'chiyani kunamiza boma pa chifukwa chomwecho. Ndinatinso, ndipo izi ndimachita nazo manyazi, kuti iwo amakonda dzina lawo kuposa anthu. Anavula magalasi awo, kuwapukuta ndi tayi.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza."

"Nditaipireni kalata."

Ndinaitaipa, makiyi ndikuwamenya ngati andilakwira.

Si kuti sindinkadziwa kumene kuuma mtima kumeneku kunachokera. Zaka zingapo m'mbuyomo, atangofika kumene ku Nairobi, anandiuzapo za chimene chinawachitikira ali mnyamata pantchito ku Ngabu. Wamalonda wina wa ng'ombe, mnzawo wa bambo awo, anawapempha kuti asaine chilolezo chosamutsira ng'ombe asanaziyeze, chifukwa lole inali itafika kale ndipo dzuwa linkapita. Iwo anasaina mwaulemu. Ng'ombezo zinali ndi matenda, ndipo zinakapatsira makola a mudzi wonse kumene anazitsitsira. Palibe anawaimba mlandu. Koma ankati kwa miyezi yambiri ankazungulira njira yaitali pa njinga kuopa kudutsa m'mudzi umenewo. Kuyambira pamenepo, ankatero, dzanja lawo silinasainenso chinthu chimene maso sanavomere. Nkhaniyi ndinkaidziwa, ndipo tsiku limene tinakangana sinandifewetse mtima ngakhale pang'ono.

Makalata anapita, osati imodzi. Anayankhidwa kuti nkhaniyo aipereka ku komiti. Komiti inakumana n'kupempha lipoti, lipoti linapita, komiti sinakumanenso. Mvula inabwera, msipu unamera, manyuzipepala anasiya kulemba za chilala. Chaka cha boma chitatha, ndalama za dera limenelo zinabwezedwa chifukwa mndandanda wake unalibe siginecha. Madera ena onse analandira, kuphatikizapo aja amene owayendera anasainira ku hotela osaponda m'khola ngakhale limodzi. Mwini famu uja sanagulitse ngakhale tayala. A Malunga sanachotsedwe ntchito, koma sanawatumizenso kumudzi. Anawapatsa tebulo la pafupi ndi khomo kuti aziyang'anira mabuku a galimoto za bungwe.

Apa m'pamene mbiri yawo inakula pakati pa Amalawi. Ngakhale bambo wa ku Gigiri uja anayamba kuwatchula m'misonkhano ngati chitsanzo. Ine ndinakhala pafupifupi zaka ziwiri ndikuwapatsa moni wa pakamwa chabe. Ku butchala ndinkapita ndekha, chiwindi chowonjezera ndinkalandira, koma sichinkandikomera.

Tsiku limene kontirakiti yawo inatha, ndinawapeza akulongedza m'katoni. Mu ofesi munalibe wina. Osandiyang'ana, anandiuza kuti pa tchuthi chawo chapitacho anakwera basi ndi ndalama zawo kupita kukamuona Naserian. Sanauzepo munthu. Anamupeza pakhomo pomwe paja, n'kuwaphikira tiyi wopanda mkaka. Mtsikana uja anali atakwatiwa kalekale, ali ndi khanda kumbuyo, kumudzi wina wakutali. Ng'ombe za malowolo anagawana alamu aja, mayiyo anangopatsidwa imodzi. Mbuzi zake zambiri zinafa ndi matenda mvula itangobwera.

"Sanandikalipire," anatero a Malunga. "Bola akanandikalipira. Anangoti katekisi anamuuza za machesi. Akuti, munati simukuwerenga. Akuti chiwerengereni inu, ndi mbuzi zomwe zatha."

"Inu munati chiyani?"

"Ndikanati chiyani? Kenako anandifunsa kuti mayina aja anafika kumene ndinkapita nawo."

Anasiyira pomwepo, n'kumanga katoni ndi chingwe. Ndinkadikira kuti anena kuti ndinkanena zoona, ndipo ndikuvomera kuti ndinkazifunitsitsa. Sananene. Ndinawanyamulira katoniyo mpaka pa siteji ya matatu, ndipo Loweruka lotsatira tinapitira limodzi ku butchala. Nkhaniyo sitinaikambenso mpaka imfa yawo.

Tonse tinkayembekeza kuti abwerera ku Ngabu. Mayi akunyumba anali atamwalira, ana awo ku Blantyre ankaimba foni kuwaitana. Iwo anasamukira m'kachipinda kamodzi ku Kasarani, n'kumapeza ya sopo pobaya katemera nkhuku ndi ng'ombe zamkaka za anthu m'mbali mwa msewu wa ku Thika. Tikawafunsa za kumudzi ankangoti pali kantchito kakutsala. Ena ankaseka kuti madala apeza mayi wa Chikikuyu. Anakhala choncho zaka zingapo, akuwonda, jekete ikukula. Anadwala sabata imodzi yokha, ndipo thupi lawo tinalitumiza kwawo pa ndege.

Lamlungu lapitali anthu atayamba kubalalika, mayi mwini nyumba imene ankachita lendi ija anandiitanira pambali. Ankafuna kudziwa ngati ku tauni tinakawauza za imfayi. Ndinafunsa kuti ku tauni kuti. Anadabwa kuti sindikudziwa. Anati Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, kuyambira tsiku limene analowa m'nyumba mwake, Mzee ankasita jekete, kupukuta nsapato, n'kukwera matatu kupita ku ofesi ina ya boma yoona za ziweto. Ankabwerako madzulo. Mayiyo ankaganiza kuti ankakatenga penshoni.

M'mawa mwake ndinapita. Ofesiyo ili m'nyumba yakale, pamwamba, ndipo chikepe sichigwira ntchito. Ndinafunsa m'zipinda zitatu anthu osandimvetsa, mpaka mayi wina wosesa anandilozera kumapeto kwa khonde, kuchipinda chosungira mafailo. Munali bambo wachikulire, wa sweta yong'ambika pachigongono. Nditangotchula za mkulu wa ku Malawi wa jekete ya khaki, anaika pansi kapu yake.

"Mzee wa ng'ombe? Chaka chatha tsopano osamuona. Ali bwanji?"

Ndinamuuza. Anati pole, pepani wa Chiswahili, n'kundikokera mpando. Ndinamufunsa chimene ankabwerera kuno.

"Failo ya chilala chija. Ankafuna itsegulidwenso." Anapukusa mutu. "Mama, pulogalamu imeneyo inatsekedwa kalekale. Mafailo ake ananyowa denga litadontha, tinawataya. Ndinamuuza ndekha, osati kamodzi. Ankati chabwino, mwezi wamawa n'kubweranso. Ankakhala pa benchi apo, kudikira bwana aliyense watsopano."

"Ankafunabe kuti mndandanda ugawidwe pawiri?"

"Poyamba, inde."

Anatsegula kabati ya m'munsi, kufufuza pansi pa manyuzipepala akale, n'kutulutsa envulopu ya khaki. Anati Mzee anamusiyira zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, kuti akadzapezeka bwana wololera kulandira amupatse. Palibe bwana analolera, chifukwa panalibenso failo yoti aikemo.

Ndinaizindikira ndisanaitambasule yonse. Inali kope yachitatu ya kaboni, zilembo zofooka, ntchito ya manja anga. Pamwamba panali dzina la famu ija ndi nambala yake yonse, yosafufutidwa, yosachotsedwapo ngakhale ng'ombe imodzi. Pa tsamba lachiwiri panali Naserian ndi khumi ndi zinayi zake. Pansi pa tsamba lomaliza panali siginecha ya a Malunga, ya inki yabuluu, yonjenjemera pang'ono.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tsiku limene adzavomere ndidzapepukidwa mumtima. Sizinatero. Ndinakwiya, ndipo misozi inatuluka ndili wokwiya chomwecho. Ndinkafuna kuwafunsa kuti ankasainiranji, pamene mtsikana uja anali kale ndi ana, ndalama zitabwezedwa, failo itawola. Ndinkafuna kuwauza kuti mutu uja anaunyamuladi ndi manja awo, ndipo sunali wa famu. Mawu amene ndinawakana tsiku lija mu ofesi ndinapezeka ndikuwanena ndekha, mwini wake atawasiya. Ndipo chisainireni mpaka imfa yawo tinkapita limodzi ku butchala, akundiseketsa, osandiuza kanthu.

Bambo uja anafunsa ngati nditenge pepalalo. Ndinamuuza kuti analisiyira bwana, osati ine, ndiye alibwezere pomwe linali. Analibwezera pansi pa manyuzipepala, n'kukankha kabati ndi phazi.

Potuluka ndinaima pa benchi ija. Ndi ya matabwa, yaitali, yotsamira khoma moyang'anana ndi chitseko cha bwana. Mbali ya kuzenera thabwa linasalala, ndipo pakhoma pali mzere wakuda pamene mutu wa munthu wamtali unkatsamira. Wosesa uja anati pamenepo ndi pamene ankakhala, chifukwa chitseko chikatseguka bwana ankayamba kuona iwo. M'mawa umenewo pa benchi panalibe munthu. Ndinakhala chakumapeto kwinaku, jumbo yanga pamiyendo. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka, bwana wachinyamata wa tayi yofiira anasuzumira, n'kundifunsa ngati ndikudikira kuthandizidwa.

Ndinati ayi.